Tizikombole Tating'ono

6 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tonse tadzuka, kupatula msana wangawu umene wayamba kudandaula chifukwa chowerama tsiku lonse pa zala za anthu. Mlandu ndi wanu, poti ntchitoyi munandiphunzitsa ndinu.

Bokosi lija linafika. Adalaivala a basi anabwera nalo okha mpaka pakhomo, ndipo nditalitsegula pamaso pawo anafunsa ngati tayamba kuumba njerwa za nyerere. Ndinawauza kuti ayi, izi ndi zikombole za zikhadabo. Umasankha chimene chikukwana pa chala cha munthu, n'kupakamo phala la akiriliki, n'kuchikanikiza pa chikhadabo, ndipo phalalo likauma umachigwedeza pang'ono n'kuchichotsa, chikhadabo chatsopano n'kutsala pomwepo chikunyezimira. Anapukusa mutu n'kunena kuti akazi tili ndi nthawi yoseweretsa. Koma m'mawa mwake anatumiza akazi awo.

Tebulo langa likadali pakona paja m'shopu ya atelala, pansi pa windo. Atelalawo amadandaula ndi fungo la madzi osakanizira ufa wa akiriliki aja, akuti likulowa m'nsalu za anthu. Koma poti makasitomala anga akamadikira amathera kwa iwo kukasoketsa madiresi, amangotsokomola n'kupitiriza kusoka. Malangizo anu ndikutsata onse: phala lisachuluke pafupi ndi khungu, mpweya usatsekeredwe mkati, ndipo chikombole chilichonse ndikachichotsa ndimachipukuta ndi sipiriti chisanabwerere pamalo pake. Dzanja lafulumira tsopano. Kale lija ndinkaumba ndi bulashi yokha, zina zinkatuluka ngati makasu, munthu n'kumapita akuthokoza mwaulemu koma osabweranso.

Mwana wanu Kasingano ali bwino. Watalika mpaka wandipitirira, koma kuonda kwake n'komwe kuja munamupatsira dzina. Kusukulu akupita. Mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi si masewera, achemwali. Masiku ena amacheza, masiku ena amangokuyang'ana ngati wamulanda kanthu. Atamva kuti mukubwera pa holide ya Epulo anasesa chipinda chanu mpaka pansi pa bedi, n'kuchapa makatani amene anali oyera kale. Ndaikamo chithunzi chake mu envelopumu.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire tizikombole tating'ono tokhatokha, nambala 9, 10 ndi 11. Ta m'bokosi lakale tinatha kalekale, ndipo ta m'bokosi latsopanoli ndikuona kuti sitifika patali. Zikuluzikulu musavutike nazo, zangodzaza.

Ndine mng'ono wanu.

*

24 Malichi

Mng'ono wanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti muli moyo. Ine ndili bwino. Uwapatse moni atelala, uwauze kuti fungolo ndi limene likuwabweretsera anthu.

Koma pempho lako landizunguza mutu. Iwe ukudziwa kuti ntchitoyi sindinaiyambe dzulo. Mu saluni muno bokosi limodzi timagwiritsa ntchito anthu angapo, kuyambira m'mawa mpaka kutseka, ndipo limatifikitsa chaka. Chikombole si chinthu chotaya ukachigwiritsa ntchito kamodzi. Zimene zimayamba kung'aluka ndi zapakati, 4, 5 ndi 6, chifukwa ndizo zimakwana zala zambiri. Tating'onoto timangokhala m'bokosi kudikira kachala kotsiriza, ndipo bokosi likakalamba ndi timeneto timene timatsala tili tatsopano. Ndiye kwanuko makasitomala ako ali ndi zala zotani? Kapena wayamba kulandira ana a ku nasale?

Ngati pali mnzako amene wayamba ntchito yomweyi ndipo mukugawana, ungondiuza. Ngati ukugulitsa, undiuzenso, ndipsa mtima tsiku limodzi basi. Chimene sindifuna n'kundiyesa mwana. Ndatumiza ndithu timene wapemphato, koma totha tija usataye. Utisonkhanitse tonse uwapatse adalaivala, ndikufuna ndione ndi maso anga mmene tikuthera.

Za Epulo zija zasintha. Abwana atsegula saluni ina kumbali ina ya tauni, ndipo asankha ine kuti ndikayang'anire atsikana atsopano. Ndikachoka tsopano malowo apatsa wina, ndipo ndinawadikira nthawi yaitali. Umuuze Kasingano mwanzeru kuti ndibwera mu Ogasiti. Ndikudziwa kuti chaka chatha ndinanenanso chimodzimodzi, usachite kundikumbutsa.

Chithunzi ndachiona. Wakuladi mwana wanga, nkhope yonse ya malemu bambo ake, ndipo ndinalira ndili ndekha kuchipinda chosungiramo matawulo. Koma n'chifukwa chiyani manja wabisa kumbuyo? Ndatulutsa chithunzi cha Disembala, chimodzimodzinso. Mwana amene ankaima manja ali m'chiuno ngati mwini dziko, lero waima ngati msilikali. Ndikamuimbira foni amangoti ee, ayi, ndili bwino, kenako n'kukupatsa iwe. Ndinakusiyira mwanayu chifukwa ndiwe wanga wa mimba imodzi. Ngati pali kanthu, ndimve kwa iwe, ndisamve kwa anthu.

Ine mkulu wako.

*

15 Epulo

Achemwali,

Moni. Tonse tili bwino. Kalata yanu ndinaiwerenga chiimire, chifukwa inali yotentha yosati n'kukhala nayo pansi.

Ndiye ndasanduka wakuba tsopano? Wakuba tipulasitiki tosakwana ngakhale m'dzanja limodzi? Ndikanafuna kuba ndikanayamba ndi mashini osokera a atelala, ali pafupi ndipo mwini wake amasinza masana. Mnzanga wogawana naye ndilibe, ndipo m'dera muno palibe wina amene angagule zimenezi, ambiri sadziwa n'komwe kuti n'zachiyani.

Kasitomala wa zala zing'onozing'ono ndili naye, mmodzi yekha, ndipo amabwera pafupipafupi. Dzina lake sinditchula. Ndinu nomwe munandiphunzitsa, tsiku loyamba lenileni, kuti zimene waona pa manja a munthu zimathera pa tebulo pomwepo. Munati mayi akabwera ndi chikhadabo chothyoka usamufunse kuti chathyoka bwanji, ndipo ukadziwa usakauze ngakhale mkulu wako. Lero mkulu wangayo ndi amene akufunsa. Totha tija ndikusonkhanitsa m'kabotolo ndipo nditumiza, koma musadzati sindinakuuzeni kuti si tooneka bwino.

Tsopano poti mafunso mwayamba ndinu, nane ndifunse. Saluni yatsopanoyi ili ndi ndevu kodi? Chaka chatha anali abwana kudwala, chaka chino ndi saluni ina, chaka chamawa mwina kudzakhala kusefukira kwa madzi. Adalaivala akuti pokakupatsani kalata yanga anakupezani ndi bambo wina wa jekete lakuda, amene anakunyamulirani chikwama mpaka pa geti. Ngati mwapeza munthu palibe choipa, alamu anga anatisiya kalekale ndipo inu simunakalambe. Koma nenani poyera, kuti kuno tisamangosesa chipinda chopanda munthu.

Uthenga wa Ogasiti ndinamuuza Kasingano, mwanzeru monga munanenera, ngakhale sindikudziwa kuti nzeru yake ndi iti pa nkhani yotere. Sanalire, sanafunse chifukwa. Anangoti chabwino, n'kulowa kuchipinda n'kutseka chitseko bwinobwino. Ine ndikanakonda akanachimenyetsa. Za manja a m'chithunzi mudzamufunse yekha, ali ndi pakamwa.

Mubwere, achemwali. Apa pokha sindikuseka.

Timene munatumiza tafika, zikomo. Ulendo wotsatira muwonjezere nambala 10.

Ndine mng'ono wanu, wakuba uja.

*

2 Meyi

Amake Kasingano, alamu anga,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye, ndipo ndikhulupirira ntchito ikuyenda. Ndine mlamu wanu, mlongo wa malemu amuna anu. Mudabwa kuona kalata yanga chifukwa sitilemberana, koma mwanayu ndi magazi a mchimwene wanga, ndipo ndikakhala chete ndidzasowa choyankha.

Lamulungu lapitali ndinakhala naye benchi limodzi kutchalitchi. Potambasula dzanja kuti alandire buku la nyimbo, ndinaona zikhadabo. N'zazifupi ndipo zilibe utoto, koma si zake. Ine ndimagulitsa nsalu pamsika, alamu, zikhadabo zoikirira ndimaziona tsiku ndi tsiku zikupapasa katundu wanga, sindingasokoneze. Zonse zofanana, zosalala, zonyezimira ngati mbale yatsopano. Nditamugwira dzanja kuti ndione bwino analikoka mwamphamvu n'kuliika m'khwapa, ndipo mpaka kutuluka sanandiyang'anenso.

Zikanathera pomwepo ndikanati ndi chibwana cha mng'ono wanu. Koma pali bambo uja wa shopu ya mankhwala, wa galimoto yofiira, amene mkazi wake anachoka. Ndamuona mwanayu akulowa m'shopumo kopitirira kamodzi. Tsiku lina ndinaima pawindo ngati ndikuwerenga zomata pagalasi. Bamboyo anamulowetsa kuseri kwa kauntala, n'kumugwira dzanja, n'kumalitembenuza uku akulankhula motsitsa mawu. Mwanayo anatuluka ndi kapepala kokulunga kanthu, ndipo sindinaone akulipira. Mng'ono wanu anali tsidya lina la msewu, akudikira.

Ndinamutsata mng'ono wanuyo n'kumufunsa mwaulemu. Anandiyankha kuti nkhani za pa tebulo lake sakambira pamsewu, n'kundifunsa ngati nsalu zikuyenda malonda. Mwano umenewo mukuudziwa. Anthu oyandikana ndi shopu ya atelala akuti Lamulungu masana, pamene shopu ili yotseka, awiriwa amadzitsekera mkati, ndipo fungo la mankhwala a zikhadabo limamveka mpaka panja.

Sindikunena kuti chachitika chilipo, Mulungu andikhululukire ngati ndikulakwa. Ndikungonena kuti munthu sakonza manja a mwana wa sukulu kuti akagwire cholembera. Mng'ono wanu sanabereke, sadziwa mmene mtima umawawira. Kwanga chipinda chilipo, geti ndimatseka dzuwa likamalowa, ndipo sukulu yake ili pafupi. Mukangonena mawu amodzi ndikamutenga.

Ine mlamu wanu, azakhali a mwana.

*

11 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni ndikukupatsa chifukwa tinayamwa bere limodzi.

Kasitomala wako ndamudziwa. Azakhali ake a Kasingano andilembera zonse, za kutchalitchi, za shopu ya mankhwala, za chitseko chotseka Lamulungu. Nditawerenga ndinatenga bokosi langa n'kuyang'ana tating'ono tija, ndipo ndinadziona kupusa. Zala za mwana wanga ndimazidziwa, n'zoonda ngati za bambo ake. Munthu mmodzi yekha m'dera lonselo amene zala zake zonse zingakwane mu 9, 10 ndi 11 ndi iyeyo. Ndiye ine kuno ndimathamanga kukagula, n'kukulunga bwinobwino, n'kutumiza ndi manja anga zida zokonzera mwana wanga kuti amuna amuone.

Wandibisira kuseri kwa mawu anga omwe. Lamulo lija ndi la makasitomala, si la mwana wa zaka khumi ndi zinayi amene mayi wake ali moyo. Ndinakufunsa za manja a m'chithunzi, iwe n'kundiyankha ndi nthabwala za ndevu. Poti unafunsa, bambo wa jekete uja ndi mlonda wa pa nyumba imene ndimachita lendi, ali ndi zidzukulu, ndipo amanyamulira chikwama aliyense. Ine kuno ndimadzuka kukadali mdima, ndimapuma fumbi la zikhadabo za anthu mpaka chifuwa chimalira, kuti mwana ameneyo aphunzire asadzawerame pa zala za anthu ngati ife. Iwe ukuima tsidya la msewu kumudikira atuluke kuseri kwa kauntala ya mwamuna wosiyidwa. Wakulonjeza chiyani bamboyo? Shopu yakoyako?

Mtima wanga ukuwawa, ndipo sindikugona. Ndawalembera azakhali ake kuti akamutenge, akhale kwawo mpaka ndibwere, ndipo ndawauza kuti zinthu zili m'zalazo zichoke. Usalimbane nawo. Tizikombole usayembekezerenso.

Mkulu wako.

*

12 Meyi

Achemwali,

Moni. Sindinamve kwa inu chilembereni mwezi watha, ndikhulupirira ndi ntchito osati mkwiyo.

Nato tizikombole tanu totha, m'kabotolo monga ndinalonjezera. Ndachedwa chifukwa ndimadikira chilolezo cha mwini wake. Ndakhala ndikumunyengerera masabata onsewa, ndipo dzulo wavomera. Akuti iye kulemba sangathe, kunena pa foni sangathe, koma mukationa mudziwa nokha.

Musachite kutiwerenga ngati mmene mumachitira. Mutitsanulire pa tawulo loyera, pafupi ndi windo, muyang'ane kunsongako. Mukatero mundilembere, ndipo ndidzakuuzani zonse kuyambira pachiyambi.

Azakhali ake masiku ano akundiyang'ana ngati ndawaphera nkhuku. Ngati akulemberani kanthu, mudikire kaye kabotoloka.

Ndine mng'ono wanu.

*

28 Meyi

Mng'ono wanga,

Kabotolo kafika lero. Adalaivala akuti basi inafera panjira ndipo katundu yense anagonera ku galaja masiku onsewa. Kalata yanga yoipa ija inadzera basi ina, ndiye inadutsana ndi yako.

Ndinatsanulira pa tawulo nthawi ya chakudya cha masana, anzanga atatuluka. Ndimayembekezera kuona tong'aluka pakati chifukwa chokanikiza kwambiri, kapena tochita mbuu chifukwa choviika m'madzi osungunulira akiriliki. Palibe ngakhale kamodzi kotero. Tonse n'totafunidwa kunsonga. Tina taphwanyika, tina tapindika, ndipo pa tambiri pali mano awiri akutsogolo, pakati pake kampata. Kampata kameneko ndimakadziwa, ndi ine ndinkamutsuka mano amenewo atangomera. Ndinatenga kamodzi n'kukaveka pa kachala kanga, ndipo ndinamva ngati wandiluma ine.

Makasitomala odya zikhadabo ndakhala nawo ambiri. Amabwera manja ali m'matumba, amakhala chammbali, ndipo timawaika zazifupi zopanda utoto kuti mano asowe pogwira mpaka zawo zimere pansi pake. Ndinakuphunzitsa ndine zimenezi. Azakhali ake analemba okha kuti n'zazifupi ndipo zilibe utoto, ine n'kuwerenga osamva. Mkazi wokonzedwera mwamuna samuika zazifupi, ngakhale mtsikana amene wayamba ntchito sabata yatha akudziwa.

Anayamba liti? Zafika pati? Kwa bambo wa mankhwala kuja, ndi chilonda? Undiuze zonse, usandinyengerere.

Ndaimbira azakhali ake, foni ikungoitana. Ndaimba yako, ukudula, ndipo sindikukuimba mlandu. Ndawalembera lero lomwe kuti ndinalakwitsa, asamutenge mwanayo, ndipo ngati amutenga kale amubweze. Koposa zonse asakhudze zala zake. Iwe ukudziwa chimene chimachitika munthu akachotsa akiriliki mokakamiza.

Mawu ndinakulembera aja ndikuchita nawo manyazi. Ndikhululukire, mng'ono wanga, ndipo undiyankhe msanga.

Ine mkulu wako.

*

8 Juni

Achemwali,

Moni. Ndili moyo. Mwafunsa kuti ndisakunyengerereni, ndiye sindikunyengererani.

Anayamba chaka chatha, sabata imene munaimba kuti simubwera. Poyamba ndinkangomumenya padzanja ndikamuona chala chili mkamwa. Kenako ndinapeza magazi pa makope ake ndi pa pilo. Zikhadabo zinali zitatha, anali atayamba kudya mnofu. Ndinayesa tsabola, ndinayesa mankhwala owawa opaka aja, ankangotsuka n'kupitiriza. Kusukulu anasiya kukweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa. Chala chimodzi chinatupa n'kuchita mafinya, ndipo ndi pamene ndinapita naye kwa bambo wa mankhwala. Anachitsuka, anachimanga, ndipo anakana kulandira kanthu chifukwa ankasewera mpira ndi bambo ake ali anyamata. Ine ndinkadikira tsidya la msewu chifukwa mwanayo sankafuna kuti ndizimuona akulira.

Zilonda zitapola ndinayamba kumuika akiriliki. Tinkatseka chitseko Lamulungu chifukwa cha manyazi ake. Dzanja limodzi likamauma, ankatola tizikombole timene ndachotsa ku dzanja linalo n'kumatafuna osadziwa n'komwe. Ndinkamusiya. Ndinati bola atafune pulasitiki yanu kusiyana ndi thupi lake. Ndipo pa tebulo pamenepo ndi pamene ankalankhula, achemwali. Munthu ukamugwira zala sangathawe. Ankandiuza za kusukulu, za bambo ake, za inu. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, akuti mukamva mudzati ndi wamisala ndipo simudzabweranso. Pansi pa akiriliki zake zinali zikumera, zinali zitadutsa theka. Ankafuna kuti mu Ogasiti adzakulandireni pa siteji ya basi ndi zikhadabo zakezake.

Azakhali ake sanabwere kunyumba. Anakamudikira pa geti la sukulu, kalata yanu ili m'manja, n'kumuwerengetsa yekha pomwepo. Ine ndinamva kwa mnzake wa m'kalasi. Nditathamangira kunyumba kwa azakhaliwo anandiimitsa kunja kwa mpanda, n'kundionetsa dzanja lanu pa pepala. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti andilole ndibwere ndi madzi osungunulira ndichotse ndekha pang'onopang'ono. Anati manja anga akwanira pa mwanayo.

Anachotsa okha madzulo omwewo, ndi madzi otentha ndi nsonga ya mpeni. Akiriliki ndinaiika bwino, achemwali, monga munandiphunzitsira, sinali yoti n'kutukuka. Inachoka pamodzi ndi zimene zinamera zija.

Kalata yanu yachiwiri azakhali ake anailandira. Akuti ndakunyengererani ndi pakamwa panga, ndipo mwana sabwerera pokhapokha mudzanene nokha maso ndi maso. Penapake sindiwada, amakhulupirira kuti akumupulumutsa. Mwanayo ndimamuona Lamulungu kutchalitchi, kutali, manja ali m'khwapa. Chipinda chake ndachisiya mmene chinalili.

Za kukhululuka, ndakhululuka pang'ono. Zotsalazo mudzazipeza kuno. Koma musalembere ine, mulembere iye.

Ndine mng'ono wanu.

*

17 Juni

Kasingano, mwana wanga,

Ndi ine mayi ako. Uli bwanji? Zala zikupola?

Amayi ako aang'ono andiuza zonse. Suli wamisala, ndipo palibe chimene walakwa. Wolakwa ndine. Ndinamva za anthu n'kuchita zinthu mwaphuma, ndipo ululu wake wagwera pa iwe. Ndikakumbukira kuti unawerenga kalata ija uli pa geti la sukulu, anzako akuona, chakudya chimandikanika.

Uziviika zala m'madzi ofunda a mchere pang'ono, uzipukuta bwino, ndipo usamachape zovala ndi sopo waufa mpaka zitapola. Ndatumiza mafuta opaka, adalaivala akupatsa m'manja mwako. Zikhadabo zimamera, mwana wanga, ndaona zoipa kuposa zako zikubwerera bwinobwino.

Ndalankhula ndi abwana ndipo avomera. Mu Ogasiti ndikubwera, ulendo uno ndithu, ndikulumbira. Ndidzakutenga ndekha kwa azakhali ako, tidzabwerera kunyumba, ndipo tidzakhala pansi atatu. Ungopirira pang'ono. Tsiku lenileni ndikuuza ndikagula tikiti.

Undilembere, ngakhale mizere iwiri.

Mayi ako amene amakukonda.

*

29 Juni

Amayi,

Ndili bwino. Mafuta ndalandira, zikomo. Pepani zilembo zapindika, zala ziwiri zikadali zomanga ndiye cholembera ndikugwira ngati supuni.

Azakhali sakundizunza. Amandipatsa chakudya, amandiperekeza kusukulu. Tsiku lija ataona magazi anasiya mpeni n'kuyamba kulira, koma zinali zitatsala ziwiri zokha ndiye anamaliza. Musawakalipire. Amayi aang'ono musawakalipirenso, iwo ankangosunga zimene ndinawapempha. Ndimawasowa. Kutchalitchi amandikodola ndi maso ine n'kuyang'ana pansi, chifukwa ndikawayang'ana ndilira pa anthu.

Mwafunsa ngati zala zikupola. Zinayamba kupola. Koma sindikunamizani, kalata yanu itafika ndayambiranso. Sindichita dala. Ndimangozindikira mkamwa mukumveka mchere.

Ndaganiza kwambiri kuti zimayamba bwanji, poti amayi aang'ono ankandifunsa ine osadziwa choyankha. Tsopano ndadziwa. Mukakhala chete ndimakhala bwino, ndimapita kusukulu, ndimabwera, ndimagona. Koma mukatchula mwezi, mutu wanga umayamba kudikira. Basi iliyonse ikaima ndimamvetsera. Foni ya azakhali ikalira ndimaganiza kuti ndinu mukuimba kuti zasintha. Ndiye zala zimapita zokha.

Sindikukwiya, amayi. Ndikudziwa kuti mumagwira ntchito chifukwa cha ine. Ndikungopempha chinthu chimodzi. Musandiuzenso mwezi, ndipo mukagula tikiti musandiuze tsiku. Musalembe, musaimbe, musatume adalaivala. Ngati mukubwera, mudzangogogoda pa geti. Ndidzatsegula ndine.

Mwana wanu.